Insulini Ikachuluka, Dzira Limachedwa: Mayi Wofuna Mwana Ayambe ndi Njira Iti?

Pali amayi amene tsiku lililonse amakwecha kumbuyo kwa khosi poganiza kuti pali litsiro. Khungu la pamenepo lada, lakhuthala pang'ono, ukalisisita likumveka lofewa ngati nsalu. M'khwapa ndi m'mphechepeche chimodzimodzi. Asintha sopo kangapo koma silichoka, ndipo silingachoke, pakuti si litsiro ayi. Madokotala amalitcha acanthosis nigricans, ndipo kawirikawiri limasonyeza kuti m'magazi muli insulini yambiri kuposa yofunika. Mayi yemweyo mukamufunsa za msambo, akuuzani kuti amadumpha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo patha zaka akuyembekezera pakati posabwera. Zinthu ziwirizi, khosi ndi msambo, iye sanaganizepo kuti n'zapachibale.

Ubale wake uli motere. Tikadya, shuga amalowa m'magazi, ndipo kapamba amatulutsa insulini kuti ikaodire pakhomo la maselo a minofu, a chiwindi ndi a mafuta, atsegule shuga alowe. Kwa anthu ena maselowa amakhala ngati agontha. Kapamba akaona kuti sakuyankhidwa amawonjezera insulini, kufuula mokweza, mpaka shuga alowe. Kwa zaka zambiri munthu akayezetsa shuga amapezeka ali bwinobwino, chikhalirecho insulini ili pamwamba usana ndi usiku. Tsoka lake n'lakuti mabasiketi a mazira sagontha nawo. Kufuula konse kuja amakumva, ndipo amayankha popanga mahomoni achimuna, monga testosterone, ochuluka kuposa muyeso wa thupi la mayi. Insulini yomweyo imachititsanso chiwindi kuchepetsa puloteni yotchedwa SHBG, imene ntchito yake ndi kumanga testosterone kuti asamayende momasuka m'magazi. Zikatero timatumba ta mazira timayamba kukula tambirimbiri, koma timaima panjira, osapezeka kamodzi kofika pokhwima n'kutulutsa dzira. Popanda dzira kutuluka, msambo umasokonekera ndipo pakati sipangabwere, ngakhale banja likhale pamodzi mokhulupirika bwanji.

Dzina lodziwika la vutoli ndi PCOS, chidule cha mawu a Chingerezi onena za timatumba tambiri m'mabasiketi a mazira. Irving Stein ndi Michael Leventhal, madokotala a ku Chicago, analifotokoza mu 1935, ndipo akatswiri atakumana ku Rotterdam mu 2003 anagwirizana kuti mayi azipezeka nalo ngati ali ndi ziwiri mwa zizindikiro zitatu: kusatulutsa dzira mwadongosolo, kuchuluka kwa mahomoni achimuna (ndevu, ziphuphu zosatha, kapena zotsatira za magazi), ndi timatumba tambiri tooneka pa sikani. Pafupifupi mayi mmodzi mwa khumi alionse a msinkhu wobereka ali nalo. Ambiri mwa iwo thupi lawo silimva bwino insulini, kuphatikizapo ochepa thupi, ndipo mfundo imeneyi ndikuinena molimbika chifukwa amayi owonda amabwezedwa kangapo ndi mawu akuti "inu simungakhale ndi vuto limeneli". Palinso amayi opanda PCOS amene insulini yawo ndi yokwera chifukwa cha kunenepa kapena chifukwa matenda a shuga ali pafupi.

Nanga dzira lenilenilo?

Funso limeneli ndi limene limasowetsa amayi tulo. Dzira silikhwima m'masabata awiri okha monga ambiri amaganizira. Kathumba kamene katulutse dzira mwezi uno kanayamba kukula miyezi ingapo yapitayo, ndipo gawo lomaliza lokha limatenga pafupifupi miyezi itatu. Nthawi yonseyo dzira limakhala litazunguliridwa ndi timadzi tochokera m'magazi a mayi, choncho shuga, mafuta ndi mahomoni zikasokonekera m'magazi, nalonso limakulira m'chisokonezo chomwecho. Mkati mwa dzira muli tizigawo tambiri topanga mphamvu totchedwa mitochondria, ndipo mphamvu imeneyi ndi imene imagawa molondola makromozomu, timitolo tonyamula chibadwa cha mwana. Kafukufuku wa pa mbewa waonetsa kuti kunenepa ndi kusamva insulini kumawononga tizigawoti ndi kusokoneza kagawidwe ka makromozomu. Kwa anthu, madokotala a IVF, njira yokumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi n'kuika mluza m'chiberekero, amaona kuti mayi wa PCOS amatulutsa mazira ambiri, ena mwa iwo osakhwima bwino, komabe mwayi wake wobereka mwana pamapeto pake sutsalira kwenikweni poyerekeza ndi amayi ena a msinkhu wake. Nkhani yabwino imeneyi iyenera kumveka: mazira a mayi wa PCOS si owola.

Chimene chimalamulira kwambiri ubwino wa dzira ndi zaka. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, pofika potha msinkhu atsala cha m'ma 300,000 mpaka 400,000, ndipo sawonjezekanso. Kuyambira cha m'ma zaka 35 mazira olakwika makromozomu amachuluka mofulumira. Insulini tingaitsitse, koma zaka sitingazibweze. Njira iliyonse imene ndikambe m'munsimu ndiiyeza ndi mafunso awiri: kodi ikutsitsa insulini kapena ikutulutsa dzira, ndipo ikudya miyezi ingati? Kutsitsa insulini ndi kutulutsa dzira ndi zolinga ziwiri zosiyana, ndipo amayi ambiri ataya zaka chifukwa choziphatikiza.

Musanasankhe njira ina iliyonse, bambo ayezetse umuna. Kuyeza kumeneku n'kosavuta, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona mayi akumwa mankhwala chaka chathunthu pamene vuto lina lili kwa mwamuna wake. Mayi ayezedwe chithokomiro ndi homoni ya prolactin, popeza nazonso zimaimitsa msambo, ndipo ngati anadwalapo matenda a m'chiuno kapena kuchitidwa opaleshoni ya pamimba, aonedwe ngati machubu a mazira ali otsegula. Za shuga, kuyeza kodalirika kwa mayi wa PCOS ndi kuja amamwa madzi a shuga wa magalamu 75 n'kutengedwa magazi patatha maola awiri. Lamulo lodikira chaka chathunthu musanapite kuchipatala (miyezi 6 ngati mwafika zaka 35) ndi la amayi amene msambo wawo umabwera mwadongosolo. Ngati wanu umapitirira masiku 35, kapena umabwera kosakwana ka 8 pa chaka, palibe chodikira.

Kusintha kadyedwe ndi kuyendetsa thupi

Iyi ndi njira imene aliyense amauzidwa poyamba, ndipo ili ndi mphamvu yeniyeni. Kwa mayi wonenepa, kutsitsa 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwake kumatha kubwezeretsa msambo ndi kutuluka kwa dzira. Wolemera makilogalamu 90 ndiye kuti atsitse 4.5 mpaka 9 basi, osati kubwerera thupi la pautsikana. Minofu ikamagwira ntchito imayamwa shuga ngakhale popanda insulini yambiri, n'chifukwa chake kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, ndi kunyamula zolemera masiku awiri, kumathandiza ngakhale sikelo isasunthe. Wowonda nayenso amapindula pa chifukwa chomwechi. Malangizo a padziko lonse a PCOS a mu 2023, amene anatsogoleredwa ndi Monash University ya ku Australia, sanapeze kadyedwe kamodzi koposa ena onse. Chothandiza ndi chimene mungachipitirize: kusiya zakumwa zotsekemera, kuchulutsa masamba, nyemba ndi mbewu zosayeretsedwa kwambiri, kugona mokwanira.

Koma njirayi ili ndi mtengo wake, ndiwo nthawi. Ku Netherlands kunachitika kafukufuku wotchedwa LIFEstyle, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Amayi 577 onenepa amene ankavutika kutenga pakati anagawidwa pawiri: ena anayamba ndi miyezi 6 yochepetsa thupi kenako chithandizo, ena analandira chithandizo nthawi yomweyo. Ochepetsa thupi aja anatenga pakati paokha, popanda mankhwala, kochuluka (26 peresenti poyerekeza ndi 16). Koma patatha zaka ziwiri, obereka bwino mwana mmodzi wathanzi wokwana masiku anali 27 peresenti mwa iwo, pamene mwa olandira chithandizo msanga anali 35 peresenti. Pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anasiyira panjira pulogalamu yochepetsa thupi ija. Ine ndikawerenga zimenezi ndimaona kuti mawu akuti "kachepetseni kaye thupi mubwerenso" sayenera kunenedwa opanda tsiku lobwerera. Kusintha kadyedwe kuyende limodzi ndi chithandizo, kapena kupatsidwe miyezi yowerengeka, itatu mpaka 6, osati kukhala chipata chotsekera mayi kunja zaka zikupita.

Metformin

Awa ndi mankhwala akale a matenda a shuga. Amachepetsa shuga amene chiwindi chimathira m'magazi, ndipo insulini imatsika nayo. Dokotala amayamba ndi mamiligalamu 500 n'kumakweza pang'onopang'ono kufika cha m'ma 1,500 kapena 2,000 pa tsiku, chifukwa masabata oyambirira m'mimba mumabwadamuka: nseru, mpweya, kutsegula. Kumwa pamodzi ndi chakudya kumachepetsa zimenezi, ndipo pali mtundu wosungunuka pang'onopang'ono umene ambiri amaupirira bwino. Womwa kwa zaka aziyezetsa vitamini B12, amene amatha kutsika.

Poganiza chabe, munthu anganene kuti popeza gwero la vuto ndi insulini, mankhwala otsitsa insulini ndiwo ayenera kupambana onse. Zimene zinapezeka si zimenezo. Mu 2007 Richard Legro ndi anzake ku United States anafalitsa zotsatira za amayi 626 a PCOS amene analandira mankhwala kwa miyezi 6. Mwa omwa metformin yekha, 7.2 peresenti anabereka mwana wamoyo. Mwa omwa clomiphene, mankhwala okakamiza dzira kutuluka, anali 22.5 peresenti. Ophatikiza onse awiri anali 26.8 peresenti. Amayi ambiri m'kafukufukuyu anali onenepa kwambiri, ndipo kwa ochepa thupi kusiyanaku kumacheperako, komabe phunziro lake silisintha: metformin ndi wothandizira, si mtsogoleri. Malo ake enieni ndi kwa mayi amene shuga wake wayamba kukwera, kwa amene sakufuna mwana lero koma akufuna msambo ulongosoke, kwa amene clomiphene yekha wakanika, ndi kwa amene ali kutali ndi chipatala chokhala ndi sikani, pakuti metformin sachulutsa mwayi wa mapasa. Akatenga pakati, kupitiriza kapena kusiya ndi nkhani yokambirana ndi dokotala. Kafukufuku wa ku Norway anaonetsa kuti kumwa metformin ali woyembekezera sikuteteza mayi wa PCOS ku shuga wa pamimba.

Letrozole ndi clomiphene

Awa awiri sakhudza insulini n'komwe. Ntchito yawo ndi imodzi, kudzutsa ubongo kuti utumize homoni ya FSH yambiri, kathumba kamodzi kakule mpaka kukhwima. Onse amamwedwa masiku asanu okha kumayambiriro kwa msambo, atatsimikiza kuti mayi alibe pakati. Clomiphene wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo ana osawerengeka abadwa chifukwa cha iye. Chofooka chake n'chakuti amakhalitsa m'thupi, ndipo kwa amayi ena amapyapyalitsa mkati mwa chiberekero, pamene mluza uyenera kukhazikika. Letrozole anapangidwira khansa ya m'mawere. Amatsitsa homoni yachikazi ya estrogen kwa masiku ochepa n'kutuluka m'thupi msanga. M'mayiko ambiri chikalata cha m'bokosi lake sichitchula za kubereka, ndipo mayi akafika kunyumba n'kuwerenga mawu akuti khansa, mtima umagunda. Dokotala wabwino amafotokozeratu zimenezi asanalembe mankhwala.

Legro yemwe uja anayerekeza awiriwa mu 2014 pa amayi 750, aliyense kwa miyezi yosapitirira isanu. Dzira linatuluka pa 61.7 peresenti ya miyezi ya letrozole ndi 48.3 peresenti ya miyezi ya clomiphene. Obereka mwana wamoyo anali 27.5 peresenti ndi 19.1 peresenti. Kupambana kwa letrozole kunaonekera kwambiri mwa amayi onenepa, omwe ndi amene insulini imawavutitsa kwambiri. Kuyambira 2018 malangizo a padziko lonse amaika letrozole patsogolo, ndipo ine ndikugwirizana nazo popanda kukayika. Kumene letrozole sapezeka, clomiphene akadali njira yabwino, makamaka akaphatikizidwa ndi metformin. Chimene ndingachenjeze ndi kugula mankhwalawa panokha n'kumamwa mwezi ndi mwezi popanda woona ngati dzira likutulukadi. Mlingo ukachepa mungotaya miyezi, ukachuluka mutha kukhwimitsa mazira angapo nthawi imodzi, ndipo mimba ya mapasa kwa mayi amene kale ali pachiopsezo cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi si nkhani yaing'ono. Ngati dzira latuluka miyezi 6 koma pakati palibe, ndi nthawi yofufuza china, osati kuwonjezera miyezi ina 6.

Inositol ndi mabotolo olonjeza "mazira abwino"

Pa intaneti mupeza mabotolo ambiri otere. Wotchuka ndi inositol, chinthu chimene thupi limapanga lokha ndipo chimathandiza uthenga wa insulini kuyenda mkati mwa selo. Savuta m'mimba ngati metformin, ndipo kafukufuku wina wamng'onomng'ono waonetsa kusintha pang'ono pa insulini ndi msambo. Koma malangizo a 2023 aja anapeza kuti umboni wakuti amathandiza kubereka mwana ndi wofooka. Kumwa sikolakwika ngati dokotala akudziwa. Cholakwika ndi kumuika m'malo mwa chithandizo chotsimikizika. Botolo limene mayi aliyense wofuna mwana ayenera kukhala nalo ndi la folic acid, mamaikulogalamu 400 pa tsiku asanatenge pakati, ndipo wodwala shuga dokotala angamupatse mlingo wokulirapo.

Jakisoni wochepetsa thupi ndi opaleshoni ya chifu

Mankhwala monga semaglutide amatsitsa thupi kwambiri kuposa kadyedwe pakokha, ndipo thupi likatsika dzira limatha kuyambanso kutuluka mosayembekezera. Apa mpofunika kusamala, chifukwa saloledwa kwa woyembekezera, ndipo semaglutide ayenera kusiyidwa miyezi iwiri mayi asanayambe kufuna pakati. Ndiye kuti pa nthawi yonse yobaya, banja liyenera kulera. Akasiya, thupi limakonda kubwerera. Opaleshoni yochepetsa chifu imasintha insulini mwamphamvu kuposa njira zonse, koma mayi amauzidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati, thupi likhazikike kaye. Kwa mayi wa zaka za m'ma 20 wonenepa kwambiri, njira ziwirizi zingakhale zanzeru, popeza zimakonza bwalo mimba isanabwere. Kwa wa zaka 38, chaka ndi theka ndi mtengo waukulu kwambiri.

Mapiritsi akakanika

Pamatsala njira zitatu. Jakisoni wa FSH amakuza timatumba mwachindunji, koma amafuna sikani pafupipafupi chifukwa mabasiketi a PCOS amatha kudzuka onse nthawi imodzi. Opaleshoni yaing'ono yobowola timabowo pa basiketi la mazira imatsitsa mahomoni achimuna, ndipo imakomera mayi amene sangathe kupita ku sikani kawirikawiri. Yachitatu ndi IVF. Kuno mayi wa PCOS ali ndi mwayi wa mazira ambiri, koma alinso pachiopsezo chachikulu cha OHSS, vuto limene mabasiketi amatupa ndipo madzi amadzadza m'mimba. Madokotala amalipewa posankha bwino mtundu wa jakisoni ndi kuumitsa miluza yonse kuti aiike mwezi wina thupi litapuma. Ngati machubu ali otseka kapena umuna uli wochepa kwambiri, IVF imasiya kukhala yomalizira n'kukhala yoyamba.

Tiyerekeze amayi awiri, onse a PCOS, onse khosi lakuda lija, onse olemera mofanana. Woyamba ali ndi zaka 25. Iyeyu nthawi ili kumbali yake. Atha kupereka miyezi 6 ku kadyedwe, kuyenda ndi metformin, akulemba pa kalendala tsiku lililonse loyamba msambo. Mipata ikayamba kufupika, kuchoka pa masiku 70 kufika 45 kenako 33, adziwa kuti thupi layamba kumva, ndipo mwina sadzafunanso china. Ikapanda kusintha, letrozole akumudikira, ndipo miyezi ija sinapite pachabe chifukwa adzatenga mimba ali ndi shuga wabwinopo. Wachiwiri ali ndi zaka 37. Kwa iyeyu akuluakulu ananena kale kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndingamulangize ayezetse zonse mwezi uno, ayambe letrozole msambo wotsatira, kadyedwe ndi metformin ziyende pambali, ndipo agwirizane ndi dokotala kuyambira tsiku loyamba kuti pakatha miyezi ingati asinthe njira.

Pali mayi mmodzi yekha amene ndingamuuze kuti aime kaye ngakhale zaka zapita: amene poyezedwa wapezeka kuti matenda a shuga afika kale. Shuga wokwera m'masabata oyambirira a mimba, pamene mtima ndi msana wa mwana zikuumbika, amachulutsa chiopsezo cha kupita padera ndi cha kulumala. Madokotala amafuna muyeso wa HbA1c utsike kufika pansi pa 6.5 peresenti ngati n'kotheka, ndipo popeza muyesowu umaonetsa shuga wa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, kudikirako ndi kwa miyezi yowerengeka. Ndipo kwa onse atatuwa, tsiku limene kachipangizo koyezera kadzaonetse mizere iwiri, auze a kusikelo pa ulendo woyamba kuti ali ndi PCOS kapena kuti thupi lawo silimva insulini, ayezedwe shuga kumayambiriro, kenako ayezedwenso pakati pa sabata ya 24 ndi ya 28.